A Mwetulirani ndi Madzi a Pamlatho

Alamu anga, amuna a achemwali anga aakulu, ndi wojambula kanema pa maukwati. Kapena ndinene kuti anali, chifukwa masiku ano aliyense wobwera ku ukwati amatukula foni yake m'mwamba, wojambula weniweni n'kusowa poima. Dzina lawo lenileni anthu analiiwala kalekale. Mumsewu wathu wonse, kuyambira pa sitolo ya mankhwala mpaka kwa wosoka nsapato, amawadziwa kuti ndi a Mwetulirani, chifukwa ndiwo mawu amene akhala akufuula kwa zaka zoposa makumi atatu, diso limodzi lili pa kamera, linalo atatsinzina. Amatero ngakhale kwa munthu amene akumwetulira kale. Ineyo anandiuzapo mawu amenewa ndikuchokera kozulitsa dzino.

Kanema wa alamu anga suonera uli ndi njala. Sadula kanthu munthu ameneyu. Ngati mkwatibwi anachedwa kufika, iwenso woonera uchedwa naye, kumangoyang'ana mipando yopanda anthu ndi kamwana kakukanda bondo. Ngati amalume ena analankhula mpaka anthu kuyamba kuwodzera, mawu awo onse alimo, ndi chifuwa chomwe. Ndikawaseka, yankho lawo limakhala limodzi.

"Alamu, mukadula azakhali a munthu m'kanema, mwadula moni. Mukakumana nawo pamsika adzakudutsani ngati mtengo wa magetsi."

Eni ukwati ankalandira kaseti yawo, koma yoyambirira, yochokera m'kamera, alamu ankasunga okha. Ankati anthu amataya zinthu: amasamuka, denga limadontha, ana amasolola tepi n'kumangira zidole. Tsiku lina adzabwera kudzafunsa. Choncho makaseti anachuluka, shelefu pamwamba pa shelefu, iliyonse italembedwa chaka chake pamsana ndi cholembera chofiira. Ngakhale atagula kompyuta n'kuyamba kujambula ndi kamera yamakono, akalewo sanatayepo ndi imodzi yomwe.

Vuto linali malo amene makasetiwo ankagona. Nyumba yawo ili ndi chipinda chimodzi chabwino, chakumbuyo. Khoma lake n'lochindikala, ndipo nyumba yosanja ya pafupi imachiphimba ndi mthunzi tsiku lonse. Ukalowamo masana thupi limati zii. Chipinda chimenechi alamu anachipereka kwa makaseti, chifukwa tepi ikatenthedwa imamatirirana n'kufa. Iwo ndi achemwali ankagona chakutsogolo, kumene dzuwa limawomba khoma kuyambira masana mpaka kulowa, malata n'kumalira okha.

Achemwali anga ndi telala, ndipo ndi munthu wopirira mopitirira muyeso. Ine mtima umenewo sindinatengere. Ndinkawauza alamu pamaso kuti ali ndi mitala, mkazi wamng'ono wamuika pozizira, wamkulu akupsa. Ankangoseka, achemwali nawo n'kuseka, ine n'kuoneka wamiseche.

Kale zinkatheka. Kutentha kunkabwera kwa kanthawi, anthu n'kudandaula pang'ono, mvula n'kugwa, nkhani n'kutha. Koma zaka zino kumabwera msanga ngati mlendo wanjala, ndipo sikutsazika. Fani inkangotembenuza mpweya wotentha womwewo, magetsi akazima nayo n'kuima. Achemwali anayamba kudzuka m'mawa maso ali psuu, mapazi atatupa. Ine ndine namwino, ndiye ndinkawayeza ndekha, ndipo magazi awo ankathamanga moti sindinkafuna kuwauza nambala. Tsiku lina masana anachita chizungulire ali pa makina osokera, n'kugwera pa mulu wa nsalu za anthu.

Tsiku limenelo sindinaseke. Ndinawalankhula alamu mawu amene mlamu salankhula kawirikawiri. Koma amene anamaliza nkhani ndi achemwali eni ake, ali gone pa mpando, nsalu yonyowa ili pamphumi.

"Bambo, ine sindinakukanizenipo kanthu chikwatiranireni. Koma mwezi uno ukamatha, m'chipinda muja mugona ine kapena makaseti. Akatsala iwo, ine ndikupita kwa mng'ono wangayu."

Ine nyumba yanga ndi ya chipinda chimodzi, koma ndinagwedeza mutu mwamphamvu ngati ndili ndi hotela.

Alamu sanatsutse. Amawakonda akazi awo, zimenezo palibe angakane. Mawa lake anagula matumba, n'kuwaunjika pakhomo la chipinda chija. Koma matumbawo anakhala opanda kanthu. Ndinkawapeza ataima pakati pa mashelefu, kaseti ili m'manja, akuwerenga pamsana pake.

"Awa ndi maukwati a anthu, alamu," anatero tsiku lina motsitsa mawu. "Ena ali umu anapita kalekale. Mawu awo atsala muno mokha. Ndikawataye kudzala? Eni ake sindidziwa kumene anasamukira."

Ndinawamvera chisoni, ngakhale sindinafune kuti aone.

Nthawi yomweyo ku chipatala kwathu kunali nkhani yake. Odwala amadikirira pa mabenchi m'chipinda chachikulu, ndipo pakhoma pali wailesi ya kanema imene imaonetsa mauthenga a zaumoyo. Chaka chimenecho okalamba ankakomoka pa mzere, makanda ankabwera atauma milomo. Akuluakulu athu anati pakufunika kakanema konena za kusintha kwa nyengo, kuti anthu asamangoti ndi dzuwa la chaka chino, mawa lidzatha. Koma kasapitirire mphindi imodzi. Ine ndinaganiza za alamu. Ndinati mwina ntchito iwachotsa pakati pa mashelefu paja.

Anasangalala ngati aitanidwa ku ukwati wa mwana wa bwana. Patapita masiku anandiitana kuti ndikaone. Pa kompyuta panaoneka iwo eni, atavala jekete, atakhala pampando, akufotokoza. Anayambira pa utsi wa mafakitale, n'kupita ku madzi oundana amene akusungunuka kumaiko kumene ine ndi iwo sitidzapondako, n'kubwerera ku utsi uja poopa kuti ena sanamve. Zonse zinali zoona, anali atawerenga ndithu. Koma tiyi wanga anazizira, ndinamwa, achemwali anandithirira wina, nayenso anazizira, alamu a pa kompyuta asanafike pakati.

"Alamu, ndinati mphindi imodzi."

"Mphindi imodzi ndi moni chabe. Munthu unganene chiyani pa mphindi imodzi?"

"Wodwala akakhala pa benchi khutu lake lili kukhomo, kudikira dzina lake. Akaitanidwa amanyamuka. Kanema wanuyu adzaona jekete lokha."

"Ndiye ndidule pati? Zonsezi n'zofunika."

"Dulani paliponse. Yambani ndi jeketelo."

Anakhumudwa, ndipo masiku angapo sitinalankhulane bwino. Mwezi nawo unali ukupita.

Loweruka lina ndinapita kukawathandiza kulongedza, poona kuti paokha sadzayamba. Anavomera, koma anati kaseti iliyonse aiike kaye m'makina, aione pang'ono, ndiye ilowe m'thumba. Kutsazika kwake kumeneko. Ndinapumira m'mwamba n'kukhala pa sitovu yakale imene inali pakona.

Anaika yoyamba. Chithunzi chinanjenjemera, kenako panaoneka madzi akuyenda, akunyezimira. Kamera inakwera pang'ono, panaoneka matabwa a mlatho, kenako ukwati unayamba. Anaitulutsa, n'kuika ina. Madzi. Ina. Madzinso.

"Kodi alamu, munkajambula maukwati kapena nsomba?"

Anandifotokozera ngati akuuza mwana. Kuseri kwa holo imene anthu ambiri a kuno amachitira madyerero kuli kamtsinje, ndipo pali kamlatho ka oyenda pansi. Akwati onse amakajambulitsa pamenepo. Alamu ankafika msanga, akwati asanakwere pamlatho, n'kuyesa kamera poiloza m'madzi pansi pa mlathowo mpaka iwo atafika. Ankati kamera ikagwira bwino kunyezimira kwa madzi, ndiye kuti igwiranso diresi yoyera. Ankatero ukwati uliwonse, ndipo poti sadula kanthu, kaseti iliyonse imayamba ndi madzi amenewo.

Achemwali anali ataima pakhomo, tepi yoyezera ili m'khosi, akudikira kuona thumba loyamba likudzaza. Anaonerera makaseti angapo. Kenako anati, "Bwezerani ija ya poyamba. Tsopano ikani iyi." Anayandikira. "Madziwo akuchepatu."

Maso a telala amenewo, ozolowera kuona kuti siketi yafupika ndi chala chimodzi. Pa kaseti yakale madzi ankanyambita mwala waukulu umene unali pansi pa mlatho, nsonga yokha ikuoneka. Pa inayo mwala wonse unali pamtunda.

Alamu anatembenukira ku mashelefu. Anayamba kutsitsa makaseti n'kuwandandalika pansi motsata zaka zofiira zija. Matumba anawakankhira kumbali ndi phazi. Ine ndinafuna kukalipa, koma achemwali ananditsina pamkono.

Masiku otsatira alamu ankangotuluka m'chipindamo kukadya. Ankalumikiza makina akale ku kompyuta, n'kutenga kachidutswa kakang'ono koyambirira pa kaseti ya chaka chilichonse. Za zaka zaposachedwa anazitenga m'kompyuta momwemo. Kudula kunkawapweteka zenizeni. Ndinawapeza tsiku lina chala chili pa batani, akutuluka thukuta, akupepesa mkwati wina amene anali atangolowa pachithunzi. "Pepani achimwene, lero si tsiku lanu." Ndinaseka mpaka misozi, koma iwo sanaseke.

Atandipatsa kakanema katsopano ka kuchipatala kaja ndinakaonera ndili chiimire, ndipo tiyi anali akadali wotentha pamene kanatha. Ndinangoti, "Alamu, mwatha ntchito."

Lolemba tinakaika pa wailesi ya kanema ija. Mulibe munthu wolankhula. Kamayamba ndi madzi odzaza, aphokoso, chaka chitalembedwa pakona. Kenako chaka china, madzi omwewo, mlatho womwewo. Pa chidutswa chilichonse kamera imakwera pang'ono, n'kuonetsa nsapato ziwiri zakuda, ndi za mkwatibwi pansi pa mpendero wa diresi yoyera, pa matabwa, basi n'kudumphira chaka china. Mwala uja umayamba kutuluka. Miyala ina imatsatira. Pakati pake pali chaka chimene madzi ofiira adzaza mpaka kukwirira mlatho, atanyamula nthambi ndi beseni la munthu. Chaka chotsatira ndi kamadzi kowonda ngati chingwe. Kenako zithaphwi zobiriwira, chigumula china, kenako mchenga ndi mabotolo. Phokoso la madzi limanka lichepa mpaka umangomva nsapato pa matabwa. Pomaliza pamabwera mawu olembedwa: Nyengo yasintha. Inu munalipo.

M'mawa umenewo anthu anaonera ali chete. Kachiwiri chimodzimodzi. Ine ndinati kapena sakumva. Kachitatu mayi wina wonenepa, amene anabwera ndi mdzukulu wa chifuwa, anaimirira n'kuloza.

"Nsapato zangatu izo! Za maluwa pambali! Ine ndinakwatiwa chaka chimenecho. Madzi anali choncho eti? Mayo ine, tinkaopa kuti diresi inyowa!"

Basi chipinda chonse chinatseguka pakamwa. Bambo wina woyendetsa basi anati iye anaphunzirira kusambira pansi pa mlatho umenewo, ndipo ana ake amati akunama. Wina anati olakwa ndi amene anadula mitengo kumtunda. Wina anati ayi, ndi nyumba zimene zamangidwa m'mphepete. Agogo ena aamuna anagogoda ndodo pansi n'kunena kuti zonsezo n'zoona, koma mvula nayo yasintha khalidwe: imachedwa, ikabwera imagwa ya mwezi wonse tsiku limodzi, n'kusowanso. Ndinaitana dzina la wodwala wina katatu, iye ali kalikiliki kudikira kuti chaka chake chibwerenso.

Pamenepo mpamene ine ndinkalowererapo. Zimene ndakhala ndikulankhula kwa zaka anthu akuyang'ana mafoni, zakuti kutentha kumeneku si kwa chaka chino chokha, okalamba azimwa madzi asanamve ludzu, makanda asawafunditse mabulangete masana, tsopano ankazimva, n'kufunsanso mafunso. Kakanemako anthu anayamba kutumizirana pa foni. Sindinganame kuti mtsinje unabwerera. Sunabwerere. Koma anthu a mumsewu wa kuholo anagwirizana n'kuchotsa zinyalala m'ngalande mvula isanayambe, ndipo m'mphepete mwa kamtsinje muli timitengo totchingidwa ndi minga, tina tagwira, tina tauma. Oyendetsa holo anasiya kuchititsa madyerero dzuwa lili paliwombo.

Chimene sitinachiganizire n'chakuti anthu akaona nsapato zawo amafuna kuonanso nkhope. Woyamba kugogoda kwa alamu anali mayi wa nsapato za maluwa uja.

"A Mwetulirani, kaseti yathu ija ikadalipo? Yathu inapita ndi madzi chaka cha chigumula."

Alamu analowa m'chipinda, osafunsa ngakhale chaka, n'kutuluka nayo. Anamuikira kanema yense mu foni, n'kumupatsanso kasetiyo m'manja. Mayiyo anakhala pakhonde n'kuonera amuna ake, amene anamwalira zaka zapitazo, akuvina molakwitsa sitepe. Analira, anaseka, n'kupempha madzi akumwa.

Atatero anabwera ena. Ana akuluakulu ofuna kumva mawu a mayi awo. Bambo wina amene anabwera ndi ana ake kudzawaonetsa kuti kale anali ndi tsitsi. Awiri ena amene ukwati wawo unatha anabwera masiku osiyana, aliyense kufunsa ngati mnzakeyo wafika kale. Azakhali aja amene alamu sanawadule anabweranso, ndipo anapezeka onse, aliyense ndi mawu ake athunthu. Pamenepo ndinasiya kuwaseka alamu za kutalika kwa makanema awo, kwa sabata imodzi.

Walira mvula walira matope. Achemwali, amene ankafuna mpumulo, anapezeka akuwiritsa tiyi wa alendo tsiku lonse, ndipo mwezi umene ananena uja unatha mashelefu asanathe. Sanasamuke. Anati munthu sungachoke pakhomo pali alendo. Koma makaseti ankatuluka, awiri lero, asanu mawa, m'zikwama za eni ake. Otsala, amene eni ake sanabwere, anakwana m'sutikesi imodzi yachitsulo. Achemwali anati imeneyo ikhoza kukhala pansi pa bedi, sikulira kanthu.

Tinasamutsa bedi Lamlungu masana, ine kutsogolo, alamu kumbuyo, achemwali akutilangiza ngati tikulowetsa galimoto m'galaja. Titaliika, ndinaona kaseti imodzi pawindo, yakale kuposa zonse, chaka chake chitafufutika. Ndinafunsa kuti mwini wake sanabwere bwanji.

"Mwini wake ndi ine," anatero achemwali, akuyala nsalu pabedi. "Madzi oyamba aja m'kakanema kanu, odzaza aja, ndi a tsiku lathu. Mumayesa sindinadziwe, bambo?"

Alamu anayang'ana pansi.

Achemwali anatembenukira kwa ine. "Iwe unali mwana, sungakumbuke. Tsiku limenelo kamera anabwereka, wojambula anali mnzawo. Koma titafika pamlatho, akuluwa anamulanda mnzawoyo kamera, ali m'suti, n'kuyamba kujambula madzi. Ine ndaima ndi maluwa m'manja. Ndiye ndinafuula kuti, bambo inu, mukukwatira ine kapena mtsinje? Mawu amenewo ali pa kaseti iyi, pamwamba pa madzi omwewo. Koma m'kakanema kanu mulibe."

"Anthu akanaseka, mayi," anatero alamu. "Akanaiwala kuyang'ana madzi."

"Ndiye munandidula."

"Ndinakudulani."

"Zaka zonsezi simunadulepo azakhali a munthu, ngakhale amalume otsokomola. Mwayamba ndi ine."

Alamu anakanda kumutu, n'kuyankha motsitsa. "Ndi inu nokha amene ndinadziwa kuti mudzandipatsabe moni."

Ine pakamwa panga sipasowa chonena, koma apa ndinapeza kuti pilo akufunika kumukonza. Achemwali anawayang'ana amuna awo, kenako anati, "Chokani apa nonse, ndikufuna ndiyese chipinda changa."

Tinatuluka. Panja dzuwa linali likuswa mtengo, malata a kutsogolo akulira monga mwa masiku onse. Tinakhala pakhonde, ine ndikudzipepesera mphepo ndi chivundikiro cha poto. Patapita kanthawi alamu ananyamuka kukasuzumira, ine pambuyo pawo. Achemwali anali atagona tulo tofa nato, masanasana, dzanja lili pansi pa tsaya, tepi yoyezera ikadali m'khosi. Mapazi anali atawatulutsa kunja kwa nsalu, ndipo pakamwa pawo panali kakumwetulira.

Alamu anatsegula pakamwa, ndipo ndinadziwa mawu amene ankabwera. Koma anawameza, n'kukoka chitseko pang'onopang'ono kuti chisalire.